Mitengo ya Mkamwini

Mwana wanga Pilirani,

Ndakhala pansi pa mapichesi a agogo ako, thireyi ndaika pamwendo kuti ikhale tebulo. Ndi Lachisanu masana. Amayi ako aang'ono ali kuseri akutakasa thobwa la mawa, ndipo akuganiza kuti ndikulemba mayina a anthu okwera lole. Asiye aganize choncho. Mawa ukumanga ukwati ndi Esinta ku Lobi, ndipo ukatuluka m'tchalitchi ukukakhala kwawo, pachikamwini, monga anachitira agogo ako ndi bambo ako m'mudzi uno. Malangizo a ankhoswe ukawamva mawa mpaka makutu kuwawa. Awa ndi anga. Ndawalemba chifukwa pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, iwenso ukudziwa. Zilembo zanga zili ngati papalasa nkhuku, koma uwerenge mpaka kumapeto.

Sabata yatha, tsiku lomwe munkaphwasula uvuni wa njerwa, ndinabwera ndi madzi akumwa ndipo sunandione. Msuweni wako Yakobo anakufunsa chifukwa chake waumba njerwa kuno pomwe ukukakhala ku Lobi. Iwe unayankha kuti, "Nyumba yeniyeni ndimanga kuno kwathu. Kumeneko kanyumba kaudzu kakwana. Kwa eni sabzala mtengo, asuweni. Ndinaona ndi maso angawa zomwe zinawachitikira bambo."

Ndinabwerera ndi ndowa yanga yodzaza. Mawu amenewo andisowetsa mtendere, mwana wanga, chifukwa ukulowa m'banja mwendo wina uli panja, ndipo banja lotere silikhalitsa. Esinta sanakulakwire kanthu, koma ukupita kukamuzenga mlandu womwe anapalamula ndi mayi ako. Ndiye ndilole ndikuuze za agogo ako amene tinawaika m'manda chaka chatha. Iwe unawadziwa ali nkhalamba ya ndodo. Sunawadziwe ali mkamwini.

Bambo anga, a Lusiyano Mbewe, anabadwira m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Kwawo kunali kwa gule, iwo n'kubatizidwa ali mnyamata, koma abale awo sanawataye ndipo iwonso sananyoze abale awo. M'mudzi muno anafika atanyamula khasu, mphasa, kolona m'khosi, ndi njere za mapichesi m'thumba la kabudula. Basi. Amayi anga, a Nabanda, ankanena kuti ataona katunduyo anathawira kuseri kwa nkhokwe kukalira.

Mwini mbumba nthawi imeneyo anali atsibweni anga a Kamtedza, mlongo wawo wa amayi, munthu wa pakamwa ngati ine ndemwe. Iwo anawaloza alamu awo munda wa pachitunda paja, pomwe kale pankangoyenda mbuzi. Panali miyala yokhayokha ndi dothi lofiira, ndipo mvula ikagwa madzi ankatsika ngati akuthamangitsidwa. Anachita dala, kuti aone ngati mkamwiniyo athawe.

Sanathawe. Chilimwe choyamba chonse anachithera akuzula miyala n'kuisanja m'mizere yopingasa phiri. Milambala ija unkailumpha popita kusukulu sinamere yokha ayi, mwala uliwonse unadutsa m'manja mwa agogo ako. Ndowe za m'khola ankazisenza pamutu m'dengu, amuna anzawo akuwaseka. Pofika chaka chachitatu, pamiyala paja panatuluka kachewere, nyemba ndi nsawawa zoti odutsa ankaima panjira n'kugwira pakamwa.

Koma chimene chinasekedwa kwambiri ndi mapichesi. Njere zija anazifesa kuseri kwa nyumba n'kutchinga ndi minga. Tsiku lina a Kamtedza anawapeza akuthirira ndi kachitini.

"Alamu, mukubzalira ndani?" anafunsa a Kamtedza. "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mawa mlongo wanga akakutulutsirani mphasa panja, mitengoyi mudzaisenza pamutu?"

"Ndidzaisiya, alamu," anayankha agogo ako. "Ana adzadya."

"Nanga inu?"

"Ine nthakayi sindinailenge, inunso simunailenge. Mwini wake alipo, ndipo tsiku lina adzatitulutsira mphasa tonsefe. Pansi pano tonse ndife akamwini."

A Kamtedza anaseka mpaka kutsokomola, n'kukalengeza kumowa kuti katekisimu wawazunguza mutu alamu awo. Koma iwe mawu amenewo uwasunge, Pilirani, chifukwa ndi chuma chokha chomwe agogo ako anabwera nacho chimene chiswe sichinadye.

Ndimanyadira kuti ndine mwana wa munthu ameneyo, ndipo sindichita manyazi kunena. Belu la tchalitchi cha ku Kabwazi likamveka masana, khasu ankalisiya pomwepo, ngakhale mzere utatsala mapazi awiri kuti uthe. Ankavula chipewa n'kupemphera ataima m'munda, ife ana tikukanda miyendo ndi kuyang'ana mitambo. Lamulungu khasu linkagona. Komatu sanali wa chipembedzo chouma. Mvula ikabwera nyemba za mayi wamasiye zili pabwalo, ankathamanga atavala jekete la ku Misa kukaziwola. Anabereka ana asanu ndi atatu, awiri n'kuwaika m'manda ali makanda, ndipo sindinawamvepo akumufunsa Mulungu kuti bwanji. Amayi atadwala msana miyezi inayi, madzi ankatunga ndi iwo, kusinjanso ankasinja. Anthu ankati a Nabanda anawadyetsa. Iwo ankangoyankha kuti, "Ngati anandidyetsa, ndiye mankhwala ake ndi okoma."

Usaganize kuti anali mngelo. Anali ndi liuma loti akati uku ndi uku, ngakhale ng'ombe ziwiri sizikanawakhotetsa. Fodya wa m'mphuno anamusiya kasanu ndi kumuyambanso kasanu. M'tchalitchi ankayimba mokweza kuposa aliyense, nyimbo ikudzera njira ina iwo ina, mpaka a kwaya anawapempha kuti azikhala benchi ya kumbuyo. Anakhaladi kumbuyo, mawu n'kuwonjezera.

Tsopano imva zolakwa za mayi ako. Choyamba ndinachichita ndili mtsikana. Amayi anandidulira kachigawo pachitunda paja kuti ndizilima ndekha. Ine poona kuti mizere yopingasa ikupweteka msana, ndinaunga yanga motsata kutsetsereka kwa phiri. Bambo anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti, "Nambewe, mizere iyi ikuitana madzi. Igwetse uyambirenso." Ine ndinaimika khasu, dzanja m'chiuno, n'kuyankha kuti, "Munda uno ndi wa amayi. Mwini wake wa mawa ndine." Anangovala chipewa n'kubwerera pamzere wawo.

Mvula ya mu Januwale inandiyankha. Tsiku limodzi lokha, nyemba zanga ndi dothi lomwe zinakathera kudambo, pamunda n'kutsala zigwembe zofika m'mawondo. M'mawa mwake bambo anatulukira ndi madengu awiri, limodzi n'kundipatsa. Masiku anayi tinakweza dothi kuchokera kudambo kubwezera pachitunda, iwo patsogolo ine pambuyo. Ndinkadikira kuti anene kuti ndinakuuza, koma sananene. Tsiku lomaliza, tikutsuka mapazi, anangoti, "Nthaka sidziwa mwini wake, mwana wanga. Imadziwa amene akuisamala." Ndikanakhala wanzeru ndikanaphunzira pomwepo. Koma khosi litasiya kuwawa, phunziro nalo linauluka.

Cholakwa chachiwiri ndi chimene unachiona ndi maso akowo, ndipo lero sindichikometsera. Bambo ako, a Phiri, anali munthu wofatsa ndi wakhama. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala pano. Khola la nkhumba lija anamanga ndi iwo, chitsime cha kudimba anakumba ndi iwo. Iwo ndi agogo ako ankagwirizana ngati mwana ndi bambo wake, moti nthawi zina ndinkachita nsanje. Ndiye amayi awo anadwala kwawo, cha ku Linthipe, miyendo yonse kufa, wowasamala palibe. Bambo ako anandipempha kuti tiwatenge adzakhale nafe. Anzanga a pamjigo anandithira mawu m'khutu. Ankati, "Lero abweretsa amayi awo, mawa alongo awo, mkuja mudzi uno ndi wa a Phiri." Ine ndinameza zonsezo osatafuna.

Titayamba kukangana pabwalo, anthu akumva, ndinanena mawu amene mkazi wa kuno amawasunga pansi pa lilime ngati mpeni. Ndinati, "Pano si kwanu. Munabwera ndi chiyani?" Kenako ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa bulangete lawo ndi khasu, n'kuziika pakhomo. Ndinkaganiza kuti achita mantha, apepese, zithe. Iwo anayang'ana katunduyo, anakuyang'ana iwe ndi alongo ako, n'kumunyamula. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Unawatsatira mpaka pamlatho, ndipo anakubweza ndi Yakobo. Chimene sukudziwa ndi chakuti ine ndinaima kuseri kwa khola ndikukuona, miyendo ikufuna kuthamanga, koma kunyada kunandikhomera pansi.

Agogo ako tsiku limenelo anali kumapemphero a mphakati. Atabwera n'kumva, sanakalipe. Anandiitana pansi pa mitengo ino n'kunena kuti, "Nambewe, mawu amene wawauza amuna ako wandiuzanso ine. Inenso ndinabwera ndi khasu ndi mphasa. Kodi zanga unditulutsira liti?" Mwana wanga, ndakalipiridwapo ndi anthu ambiri, koma palibe mawu anandilasa ngati amenewo. Anayenda katatu kupita ku Linthipe kukawapepesa bambo ako, ulendo wina mvula ikuwathera pathupi. Ine sindinapite ngakhale kamodzi. Bambo ako anawalandira mwaulemu katatu konse, nkhuku n'kuwaphera, koma anati wowatulutsira bulangete sanali apongozi awo. Madzi akatayika sawoleka. Patapita zaka anakwatira kwina, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ndiye ukamati unaona zomwe zinawachitikira bambo ako, sukunama. Koma unaona mbali imodzi. Ina inachitika iwe uli kusekondale, ndipo za kusudzula sakambira ana.

Amayi anga atamwalira, titameta, inakwana nthawi yoti akubanja awasudzule agogo ako. Mwambo wake ukuudziwa: mkazi akafa, mwamuna amamasulidwa kuti abwerere kwawo, munda ndi nyumba n'kutsala ndi mbumba. Anali atakhala pano zaka zoposa makumi asanu. Kwawo ku Chongoni anzawo onse anali atatha, otsala anali adzukulu a alongo awo omwe ankangowamva dzina. Ife ana awo tinali ndi mantha, koma pabwalo lotere mwana salankhula. M'mawa wa tsikulo ndinawapeza atamanga kale kamtolo: mphasa, jekete la ku Misa, ndi khasu lotha ngati supuni. Ndinalira n'kuwafunsa kuti akupita kuti pa ukalamba wotere. Anati, "Mwambo ndi mwambo. Ndinaudziwa tsiku lomwe ndinkabwera."

"Nanga mitengo yonseyi, bambo? Nanga munda?"

"Ndinanena kale kuti ana adzadya. Kodi sakudya?"

Anthu anasonkhana pansi pa mapichesi ano, chifukwa pabwalo pathu mthunzi wina panalibe. A Kamtedza anali atakalamba zedi, diso limodzi litachita khungu, ndipo anachita kuwagwira mkono powakhazika pampando. Mbale ya mwambo inaikidwa pakati. Wolankhulira banja anayamba mawu aja oti, "Alamu, mwatisungira mlongo wathu mpaka mapeto, tsopano ndinu omasuka," koma asanamalize a Kamtedza anagogoda pansi ndi ndodo.

"Taimani kaye," anatero. "Takhala pansi pa chiyani pano?"

Anthu anayang'anana. Wina anayankha kuti pansi pa mapichesi.

"Anabzala ndani? Nanga chitunda chija, chimene ndinawapatsa kuti athawe, lero chikudyetsa nyumba zingati? Ine ndinawaseka alamu angawa. Ndinati ndi mlamba. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya mapichesi awo, mano atatha ndinkachita kuwafinya ndi nkhama, koma sindinanenepo zikomo. Mukawasudzula kuti apite, muzulenso mitengoyi muwasenzetse, mugwetsenso milambala ija. Mukatha zimenezo mundiuze chomwe chatsala pamudzi pano."

Kenako a Kamtedza anatembenukira kwa agogo ako. "Alamu, mwambo tauchita, kumasula takumasulani. Koma kupita ayi. Pano ndi kwanu. Ndanena ndine, mwini mbumba."

Agogo ako anaweramitsa mutu, milomo ikugwedera, ndipo tonse tinadziwa kuti akupemphera. Atadzutsa mutu anati, "Zikomo, alamu. Ndiye mwana wina akandimasulire kamtolo kaja, jekete lingakwinyike." Anthu anaseka misozi ili m'maso. Ine ndinalira kuposa onse, ndipo si chimwemwe chokha chomwe chinkandiliritsa. Ndinkaganiza za munthu wina amene ndinamuuza mawu otsutsana ndi amenewo pabwalo lomwelo.

Anakhala nafe zaka zina khumi ndi chimodzi. A Kamtedza ndiwo anatsogola, ndipo kolona wa pamaliro awo anatsogolera ndi mlamu wawo yemwe ankamuseka uja. Mpaka chaka chomaliza agogo ako ankakwera pachitunda ndi ndodo, akapeza mwala wagwa pamlambala ankaubwezera pamalo. Zaka zawo zenizeni sankazidziwa, koma zinapitirira makumi asanu ndi anayi. Unaona wekha maliro awo m'nyengo yozizira ija. Akumphakati anaimba, a kwa gule ochokera ku Chongoni anabwera n'kukhala mwaulemu, adzukulu a mudzi uno anakumba manda pambali pa amayi osafunsa n'komwe ngati mkamwini akaikidwe kwawo. A kwaya omwe aja anati tchalitchi chazizira kumbuyo. Munthu anabwera ndi njere m'thumba la kabudula, n'kuchoka mudzi wonse ukumutcha atate.

Tsono ndimvetse bwino, Pilirani. Sindikulonjeza kuti a kwa Esinta sadzakulankhulira mawu opweteka. Anthu ndi anthu, ndipo pamjigo uliwonse pali alangizi ngati anga aja. Mwina tsiku lina udzamva kuti pano si kwanu. Agogo ako ankadziwa kuti zingachitike, ndipo anabzalabe. Kamtolo anamanga okha, osawiringula. Sanabzale chifukwa anali ndi chitsimikizo choti adzakhala. Anabzala chifukwa panali mkazi wawo ndi ana awo, ndipo anakhala chifukwa anabzala. Iwe ukufuna uyambe waona ngati akusunge, kenako udzabzale. Ukatero udzadikira mpaka imvi, Esinta nayenso akudikira kuti aone ngati ulidi wake.

Mkazi amaona, mwana wanga. Akadzaona kuti njerwa zili kwa amayi ako, iye akugona m'nyumba yodontha, sadzafunika womuuza. Apongozi ako adzaonanso. Ukadzachita ngati mlendo adzakusunga ngati mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Ukafika kumeneko, munda womwe akakuloze uulandire ndi manja awiri, ngakhale utakhala wa miyala. Mizere uziunga yopingasa. Atsibweni a mkazi wako uziwapatsa ulemu ngakhale akuseke. Mukayambana ndi Esinta, nkhani izithera m'nyumba kapena kwa ankhoswe, osati pabwalo, chifukwa mawu onenedwa anthu akumva amavuta kubweza. Lamulungu muzipita limodzi ku Misa, ndipo ngati mawu ako ali ngati a agogo ako, ukhale kumbuyo usanapemphedwe. Esintanso ndidzalankhula naye ndekha, mkazi ndi mkazi mnzake. Ndidzamuuza za mpeni uja wa pansi pa lilime, ndi momwe umachekera mwini wake.

Khomo la kuno silidzatsekedwa. Alongo ako adzakufuna, ndiwe mwini mbumba wawo wa mawa, ndipo tsiku lina udzakhala pampando wa a Kamtedza, amuna a alongo ako ali patsogolo pako. Pamenepo udzakumbukire kuti nawenso kwina ndiwe mkamwini. Koma nyumba yako ikhale komwe kuli mkazi wako. Ndalankhula ndi mwini ngolo wa kutsidya kuti njerwa zija zikhoza kupita ku Lobi. Sindinamuuze tsiku. Ng'ombe sazimanga m'goli mpaka utanena ndiwe, chifukwa njerwa ndi zako ndipo banja ndi lako.

Chatsala cholakwa chachitatu, chimene ndakubisira zaka zonsezi. Mtengo wa mapeyala uli pafupi ndi khola, womwe nonse mumautcha wa agogo, sanabzale ndi agogo ako. Anabzala ndi bambo ako, sabata yomwe unabadwa. Atachoka, mtengowo unkandiwawa m'maso. M'mawa wina ndinatenga nkhwangwa. Ndinatema kamodzi, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero, cha kumbali ya kumadzulo, ukachiyang'ane. Ndisanateme kachiwiri agogo ako anabwera ndi kampando kawo, anakaika patsinde, n'kukhala msana atatsamira mtengo, kolona m'manja. Anati, "Tema, Nambewe. Ine ndikupemphera." Anakhala pamenepo tsiku lonse, mawa lakenso, mpaka ndinabweza nkhwangwa. Kuyambira pamenepo pansi pa mtengowo panasanduka pokhala pawo, ana n'kuyamba kuutcha wa agogo. Ine sindinakonze, chifukwa dzina la bambo ako linkanditentha pakamwa. Agogo ako nawonso anandisiyira ine kuti ndidzanene ndekha, ndipo ndachedwa mpaka apita.

Ndiye ganiza, Pilirani. Mapeyala onse amene unkapaka pambatata popita kusukulu, amene unkabisa m'gaga kuti apse alongo ako asakuone, amene anatithandiza miyezi ija nkhokwe itapepuka, anali a bambo ako. Ine ndinawatulutsira bulangete, koma iwo anapitiriza kukudyetsa tsiku ndi tsiku kuseri kwa khola.

Lachiwiri lapitali sindinapite kukagula nsalu monga ndinakuuzira. Nditamva mawu ako pauvuni paja, ndinakwera njinga yamoto kupita ku Linthipe. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinalephera ulendo womwe nkhalamba inauyenda katatu. Ndinawapeza bambo ako akukonza msampha wa mbewa pakhonde, tsitsi lonse mbuu. Akazi awo anandiyalira mphasa, ndi mayi waulemu. Ndinagwada n'kunena kuti, "A Phiri, ndinalakwa ndine. Mawu aja anali oipa, ndipo amayi anu anafa ine osawatungirako ngakhale madzi. Sindinabwere kudzapempha kanthu, koma kuti mwana wanu akuopa banja chifukwa cha ine. Bwerani ku ukwati mudzakhale kutsogolo."

Ndinkayembekezera kuti andikumbutse za khola, za chitsime, za zaka khumi ndi chimodzi zomwe anasiya. Sanatchule n'chimodzi chomwe. Anangofunsa kuti, "Mayi a Pilirani, kodi mtengo uja ulipo?"

Ndinati ulipo, watalika kuposa denga.

"Umabereka?"

Ndinati chaka chilichonse, mpaka nthambi kuthyoka, ndipo mwana wawo wakulira pamenepo.

Anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kunena kuti, "Ndiye kuti sindinachoke."

Mawa abwera. Ukawaona kutsogolo usadabwe, ndipo ukawapatse moni wa mwana. Unati unaona zomwe zinawachitikira bambo ako. Ukawafunse wekha ngati amadandaula kuti anabzala.

Pakhonde, kumanja kwa chitseko, ndaika mbande zinayi m'timapepala ta shuga. Zitatu ndi mapichesi, adzukulu a njere zija za m'thumba la kabudula. Yachinayi, ya masamba akuluakulu, ndi peyala la bambo ako. Lole ikamanyamuka mawa sindikukumbutsa, ndipo sindituma munthu kuti akukwezere. Ukazisiya ndidzazithirira ndekha, sindidzakufunsa kanthu. Ukazitenga, usadikire mvula. Ukumbe maenje akuya sabata yomweyi, uthiremo manyowa, utchinge ndi minga chifukwa mbuzi za ku Lobi sizidziwa za ukwati. Esinta agwire mbande, iwe ukwirire. Wina akadzaima n'kukufunsa kuti ukubzalira ndani kwa eni, yankho ukulidziwa, ndiwe mdzukulu wa a Lusiyano.

Amayi ako aang'ono ayamba kundiitana, akuti thobwa likufuna shuga ndipo mayina a pa lole atalika. Pita bwino, mwana wanga. Mulungu amene anawasunga agogo ako pachitunda cha miyala akusunge iwenso. Ndikadzabwera kudzaona mwana wanu woyamba, sindikufuna mpando wa m'nyumba. Udzandiyalire mphasa pansi pa mtengo wako.

Ndine mayi ako,
Nambewe